Kompyuta Yofunda Chitenje

Katowo,
Rumphi.
18 Novembala 2024

Okondedwa achimwene Alufeyo,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Makamaka ndikufuna kumva za amayi. Mwendo uja wayamba kuponda pansi, kapena mukuwanyamulabe potuluka panja? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni ndikangomva mawu anu ndimayamba kunama kuti zonse zili bwino.

Kuno mvula sinagwebe. Ndi fumbi lokhalokha, galimoto ikadutsa mumachita kulilawa m'kamwa. Anthu anafesa kale fodya kudimba, akungoyang'ana kumwamba.

Nkhani ndi ya kusamuka kwanga. Mukudziwa kuti malo a kalaliki anapezeka pasukulu ina kwathu ku Ntcheu, ndipo anandiuza kuti ndikayambe ntchito sukulu ikamatsegulidwa mu Januwale, ndikapanda kutero apatsa wina. Ahedi athu, a Mhango, anavomera. Anangoti ndisanachoke ndisiyire mayi Walusungu, omwe alowe m'malo mwanga, zolemba zonse za ana zili m'malo mwake. Ndinaseka, chifukwa zonsezo zinali m'kompyuta: mayina, zotsatira za mayeso ndi makalata aumboni kuyambira 2013. Ndinazilemba ndi zala zangazi.

Koma kompyutayo inali itakalamba. Ndinkaiyatsa m'mawa, n'kusesa ofesi yonse, n'kumwa tiyi, iyo isanadzuke. Pulogalamu yatsopano yolembetsera ana mayeso inkangoizizimitsa. Ahedi anati si bwino kusiyira munthu watsopano chinthu chotere, ndipo anaitana bambo wina wokonza makompyuta ku boma, a Hezron, kuti adzawonjezere ramu, kachipangizo koithandiza kuganiza msanga, ndi kuchotsa hadi disiki yakale, momwe munkakhala zolemba zonse, n'kuikamo chosungira chamakono chomwe amati SSD. Tsiku limenelo ndinavala bwino ngati ndikupita ku ukwati. Ndinkaona ngati ndayamba kale ulendo wakumudzi.

Tsono imvani uchitsiru wa mlongo wanu. Mukukumbuka chitenje chobiriwira chija amayi anandipatsa pa depoti tsiku lomwe ndinkabwera kuno, akuti ndizifunda poti kumpoto kumazizira? Nditafika ndinaona fumbi la kuno, ndipo ndinamvera chisoni kompyuta ya boma kuposa mapewa anga. Ndinaifunditsa bokosi lonse, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kupanikiza m'mbali kuti fumbi lisapeze polowera. Sindinkavundukula ngakhale ikugwira ntchito. Alendo ankandiyamikira kuti mayi wa ku Ntcheu ndi waukhondo, inenso n'kumadzimva.

A Hezron atalowa anaima pakhomo, n'kuyang'ana chitenjecho nthawi yaitali. Kenaka anagwira bokosilo ndi dzanja, n'kulichotsa msanga.

"Mama, chinthu ichi chimapuma ngati munthu. Mwachifunditsa zaka zingati?"

Ndinawauza kuti khumi ndi chimodzi. Sanandiseke. Bola akanandiseka.

Anatsegula bokosilo n'kundionetsa timabowo takumbuyo ndi kafani kotulutsa mpweya wotentha. Zaka zonsezi mpweyawo unkabwerera mkati. Fumbi lomwe ndinkaliopalo linalimo ndithu, lambiri ngati thonje. Anati kuchedwa konse kuja sikunali kukalamba kokha, hadi disiki inali ikupsa pang'onopang'ono, ndipo kaphokoso ka "ke, ke, ke" komwe ndinkakamva chaka chino n'kumati ndi mphemvu, kanali kulira kwake.

Ramu analowetsa bwinobwino. Chosungira chatsopano chinalowanso. Atayamba kusamutsa zolemba zanga kuchoka m'disiki yakale, kamzere kapagalasi kanayenda pang'ono, n'kuima. Tinadikira mpaka ana anaweruka. Kaphokoso kaja kanalira katatu, basi n'kukhala chete.

Anandifunsa ngati ndinasunga kwina. Ndinayankha monyadira kuti inde, chaka chilichonse ndinkakopera zonse m'foda ina yomwe ndinaitcha "Nkhokwe". Anandifunsa kuti fodayo ili kuti. Ndinaloza bokosi lomwelo. Achimwene, zinali ngati munthu wosunga mbewu m'thumba lina koma m'nyumba yomweyo yomwe yapsa.

A Hezron ndi munthu wabwino. Anatenga disikiyo kupita nayo ku Mzuzu kwa anzawo odziwa zambiri. Patatha sabata ziwiri anabwera nayo okha m'envulopu, osafuna kundiuza pafoni.

"Pepani chomene, mama. Tayesa. Mulibe chotuluka umu."

Panopa kompyutayo ikuthamanga zodabwitsa. Ukangoikhudza yayaka kale. Aphunzitsi amabwera kudzaionera, n'kumayamikira. Koma mkati mulibe dzina la mwana ngakhale mmodzi. Ndimakhala patsogolo pake m'mawa uliwonse n'kumadana nayo.

Ahedi sanandikalipire. Ndi mkulu wa mpingo, amayankhula mofatsa ngakhale zinthu zitavuta. Anati madzi akatayika sawoleka, koma sangasaine kuti ndasiya zonse m'malo mwake pamene palibe chosiya. Anandikumbutsanso kuti sabata iliyonse kumabwera ana omwe anamaliza kale sukulu, ena ochokera kutali ku Mlowe, kudzafuna makalata aumboni kuti akafunsire ntchito. Lachinayi lapitali ndinabweza mtsikana wina chimanjamanja. Anangoti yewo, ndiye zikomo wa kuno, n'kutembenuka. Ndinalira iye atatuluka. Ndikanakhala ine ahedi, nanenso sindikanasaina.

Chatsala n'kulembanso zonse kuchokera m'mafayilo a mapepala omwe ali m'sitolo. Ndayamba. Mayi Walusungu amandiwerengera, ine n'kumalemba, magetsi akakhalapo. Sabata zitatu zatha ndipo sitinamalize ngakhale chaka chimodzi mwa zaka khumi ndi chimodzi. Mafayilo a 2016 ndi 2017 anadyedwa ndi chiswe, ndiye tiyenera kufunsa aphunzitsi akale omwe ena anapuma ntchito, ena anatisiya. Januwale sindingamupeze. Ndinaimbira ku Ntcheu kupempha kuti andidikire mpaka Epulo, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti pali anthu anayi omwe akufuna malo omwewo. Malowa ndinawadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Sindikuona kuti malo ena adzapezeka amayi akadali ndi moyo.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu anandiuza kuti amayi analamula kuti chipinda changa achizire, ndipo munthu aliyense wodzawaona amamuuza kuti Ida akubwera kudzakhala. Chonde auzeni inuyo kuti sindibwera. Musatume mwana, musadikirenso kuti amve kwa anthu. Mukhale nawo pansi, atadya kale. Muwauze kuti ntchito yachuluka, kapena kuti boma lasintha maganizo, chilichonse chomwe mungaone kuti achilandira. Pa Khirisimasi ndiyesetsa kubwera masiku atatu.

Koma za chitenje musawauze. Nthawi zonse ndikaimba foni amandifunsa ngati ndikadali nacho, ndipo ndimawayankha kuti chimandithandiza tsiku lililonse. Amasangalala kwambiri. Asiyeni azidziwa choncho. Ndinachichapa, ndipo tsopano ndikufunda ineyo monga anandiuzira poyamba paja.

Mundiperekere moni kwa alamu, omwe akusenza mtolo womwe unayenera kukhala wanga, ndipo ndilibe mawu owathokozera. Moni kwa amalume, kwa azakhali a kuseri kwa phiri, ndi kwa ana onse. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu,
Ida