Wilu yanga ili m'buku la nyimbo

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 71 ndipo kunena zoona moyo sindikuudandaula. Ndili ndi nyumba ya malata, ngolo, ng'ombe ziwiri ndi mitengo ya mango imene tinabzala ndi akazi anga, a Salome. Ndinawatenga chitengwa kuchokera ku Nambuma zaka 43 zapitazo, ndipo mpaka lero timasekabe limodzi tikamasenda mtedza pakhonde.

Mtima unandiwawa mwezi watha. Msuweni wanga atamwalira, akazi ake anawasudzula n'kuwakweza panjinga, ulendo wa kwawo kumene alibenso ngakhale khumbi. Pobwerera a Salome anandifunsa kuti, "Kodi inenso adzandikweza chonchi?"

Lamulungu lotsatira ndinalemba kumapeto kwa buku langa la nyimbo kuti nyumba, mitengo ndi ngolo n'za a Salome. Ndinasaina, iwo n'kudinda chala ngati mboni. Kuyambira tsiku limenelo akuimba ngati mtsikana. Koma pali Eliya, mwana wa mlongo wanga, munthu wabwino amene amatilimira dimba. Amakonda kuseleula kuti, "Amalume, ngoloyi mukundisungira ine, eti?" Sindinamuuze kanthu, ndikuopa kumukhumudwitsa. Kodi zimene ndalembazi zakwana?

S.K., Nsaru

Bambo S.K.,

Mwandisangalatsa. Amuna ambiri akamva za wilu amati tikuwaitanira imfa, koma inu mwagwira cholembera nokha. Komabe ndisakubisireni: sizinakwane. Bukulo lisiyeni ligwire ntchito yake kutchalitchi.

Vuto lalikulu ndi chala cha mayi Salome. Wolandira katundu sayenera kukhalanso mboni, ndipo mboni imodzi siikwana. Lembaninso papepala labwino, mutchule chinthu chilichonse ndi mwini wake, ndi amene adzayang'anire kuti mawu anu atsatidwe. Musaine pamaso pa anthu akuluakulu awiri amene sakulandirapo kanthu, onse ali pompo, nawonso asaine. Musanapinde pepalalo, kalionetseni kwa odziwa malamulo, kukhoti kapena kwa DC, akuuzeninso kosungitsa. Musalibise m'denga kuti chiswe chiliwerenge chokha.

Za malo samalani. Nthaka imene nyumbayo yakhalapo ndi ya kwanu, ndipo abale anu ali ndi mawu pamenepo. Pepala lokha silingatseke pakamwa aliyense. Aitaneni alongo anu ndi ana awo, amfumu alipo, munene ndi pakamwa panu kuti mayiwa sadzachoka. Pokafunsa za wiluyo mufunsenso ngati malowo angalembetsedwe.

Eliyayo musamuope. Nthabwala yake ija ndi funso, ndipo akudikira yankho. Khalani naye pansi awiriwiri msonkhano usanafike. Ngati mtima wanu ukufuna kumuthokoza, lembani kuti ngoloyo idzakhale yake mayi akadzatsogola, kapena mumpatse ng'ombe imodzi muli moyo. Chimene chingamupweteke si kumanidwa ngolo, koma kudzamva nkhaniyi koyamba pamaliro anu.

Chenjezo langa ndi ili: musati mudzachita mukakolola kapena mukagulitsa fodya. Wilu imalembedwa mutu ukuyenda bwino, monga mmene wanu ukuyenderamu. Mayi Salome akuimba chifukwa akuyesa nkhani yatha. Funso limene anakufunsani panjira lija simunaliyankhebe. Kaliyankheni sabata ino.