Chithumwa M'phiko la Ndege ya Apongozi

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba, ndipo mukandiseka sindikwiya, poti Kalingalinga yonse yandiseka kale. Ndine kalipentala. Ndimakhoma makabati ndi mipando m'mbali mwa msewu, ngakhale masiku ano anthu akuthamangira mipando ya pulasitiki yochokera ku Joni. Ndinatomera mtsikana wa ku Mtendere, dzina lake Kafula. Kwawo ndi a Chibemba, ife ndife a ku Katete. Mbale za chitomero zinalandiridwa chaka chatha, koma za tsiku la ukwati bambo ake, ba Mpundu, sanatsegulepo pakamwa.

Ba Mpundu ankagwira ntchito ku migodi ku Kitwe. Atawadula ntchito anasamukira kuno, ndipo chibwerereni amangokhala pakhonde ndi wailesi, osaseka, osakalipa. Pa lole yosamukira panasweka chinthu chimene ankachikonda kuposa sofa: ndege yoseweretsa imene anapanga okha ali mnyamata ku kalabu ya pamgodi. Musaganize za tindege ta mawaya ta ana ayi. Iyi mapiko ake n'ngotalika ngati katebulo ka pabalaza, ndipo ili ndi injini yeniyeni, yaing'ono ngati nkhonya ya khanda. Imauluka itamangidwa ku mawaya awiri aatali opyapyala otulukira kuphiko lamanzere. Munthu amaima pakati pa bwalo atagwira chogwirira, n'kumazungulira nayo. Akapendeketsa dzanja m'mwamba imakwera, akapendeketsa pansi imatsika.

Tsiku lina Kafula anabwera nayo m'thumba la ufa, mayi ake atavomera. Anati, "Ba Webster, ngati mufuna ba tata akuoneni kuti ndimwe munthu, konzani ichi chinthu."

Aphungu, ntchito ndinaigwira, sindidzitama. Nsalu yakale yonyowa mafuta ndinaisenda yonse. Nthiti zothyoka za m'mapiko ndinasema zatsopano kuchokera ku matabwa opepuka a bokosi la tiyi. Ndinaikuta ndi lainingi ya diresi la pa kaunjika wa salaula limene Kafula anakasankha yekha kumsika wa Soweto, kupaka vanishi wosungunula, kukwecha ndi sandipepala wa madzi mpaka zala kutupa, kenaka kupopera penti yofiira ndi yoyera kugalaja ya mnzanga. Inawala moti tambala wa aneba anafuna kumenyana ndi chithunzi chake paphiko.

Koma m'kati mwa ntchitoyo ndinapeza zinthu ziwiri. Choyamba, mchira unali wopindikira kumanja. Ine kabati yokhota sindinatulutsepo chiyambire, choncho ndinati ndi lole ija, n'kuudula, n'kuuwongola ndi sikweya kuti njo. Chachiwiri ndicho chandisowetsa tulo. Ndikainyamula pa zala, ndegeyo inkapendekera kumanja. Nditang'amba kunsonga kwa phiko lamanja ndinapeza kanthu kolimba, kolemera, kokulungidwa m'kansalu kakuda, komatidwa mkati mobisa. Ine ndinakulira kumudzi, chithumwa ndimachidziwa. Ndinakazula ndi pulayala osakakhudza ndi dzanja, kukaponya m'kachitini ka polishi, kuthiramo mchere, n'kukwirira kuseri kwa shedi yanga.

Loweruka lapitali m'mamawa ndinati ndiiyese mwakachetechete. Ndinatenga mnzanga Mwape, makaniko wa maminibasi, tinapita pabwalo la mpira ndi kachitini ka mafuta ake kamene kanali m'thumba muja. Mwape analiza injini, ine nditagwira chogwirira. Mwakachetechete muja munathera pomwepo, chifukwa phokoso lake linadzutsa agalu mpaka kukomboni ya Helen Kaunda. Ndege inanyamuka bwinobwino, mtima wanga myaa. Isanathe n'komwe kuzungulira, mawaya anangolendewera, ndegeyo n'kutembenuka, kulunjika pa ine ndithu! Ndinadzigwetsa chafufumimba. Inandidutsa pamutu kuti fyuu, n'kukagwera m'dengu la repu la mayi wina amene ankapita kumsika. Mayiwo anakuwa, "Iyi ndeke ili na mwine wake! Iziba amene anaigwira!" Mwape anathawa osacheuka, patapata mmodzi anamusiya pomwepo.

Phiko linang'ambika pang'ono, ndalikonza kale. Vuto ndi lakuti madzulo omwewo kunabwera ba Kalaba, mkhalapakati wathu, amene a Chibemba amati shibukombe. Anati, "Ba Mpundu akuti ndeke iuluke pa tsiku la ufulu, pabwalo la ku Mtendere. Ikauluka, tikamba za tsiku la ukwati." Kafula naye akuti atawauza bambo ake kuti ndawongola mchira, mkuluyo anaseka koyamba chichokereni ku Kitwe, mpaka misozi, n'kunena kuti, "Awongola? Chabwino. Akagwire yekha chogwirira."

Kuseka kumeneko kwandiopsa kuposa ndege. Kuwafunsa sindingathe, poti mwambo wawo sulola mkamwini kulankhula ndi apongozi asanamulowetse m'nyumba. Tikakumana panjira ndimapatukira m'ngalande. Kafula ndingayambe bwanji kumufunsa ngati bambo ake amauluka usiku? Ndibwezeremo chithumwacho, ine munthu woimba kwaya kutchalitchi? Ndiulutse chopanda, chidzandichotse khutu pamaso pa anthu? Mwape akuti ndingosiya zonse ndikafune mkazi ku Katete. Koma Kafula ndimamukonda, Aphungu, ndipo bedi lathu ndinakhoma kale, la mukwa. Ndithandizeni.

W.M., Kalingalinga, Lusaka

Bambo W.M.,

Munati simukwiya, ndiye ndaseka. Kenaka ndinapita nayo kalata yanu kwa mkulu wina wa kumakina osindikizira pano, amene ali mwana ankaulutsa ndege zoterezi ku Luanshya. Iye anaseka mpaka kukhosomola, n'kundifotokozera zimene ndikukuuzanizi.

Pitani kuseri kwa shedi, fukulani kachitiniko, masulani kansaluko ndi manja anu. Mupezamo kachidutswa ka mtovu, chitsulo chofewa cholemera chija asodzi amamangirira ku mbedza. Amakakulunga m'nsalu yonyowa guluu kuti kagwire, kasamagwedere. Kuda kwakeko ndi mafuta a injini a zaka zambiri. Mchere wanu munawononga chabe.

Ndege ya mawaya amaipanga yokhota dala. Mawaya awiri aja amalemera, ndipo amakokera phiko lamanzere mkati, kumene kwaima inu. Mtovu wa kuphiko lamanja ndi mchira wopindikira kumanja ndizo zimaikokera kunja, kuti mawaya akhale okungika nthawi yonse. Mawaya akakungika, ndege imamva dzanja lanu. Akalendewera, ilibenso woiuza chochita. Inu munachotsa zonse ziwiri, ndiye mumati ipite kuti? Siinakudziweni ayi, ikanathamangitsa ngakhale abusa anu.

Ba Mpundu si mfiti. Ndi munthu amene anamulanda ntchito, nyumba ndi anzake, n'kutsala ndi chinthu chimodzi chimene amachidziwa kuposa wina aliyense ku Mtendere. Atamva za mchira anadziwiratu chimene chikubwera. Ine ndikuona kuti sakuyesa penti yanu. Akufuna aone ngati mnyamata wofuna mwana wawo amatha kubwera n'kunena kuti, apa sindikudziwa, ndiphunzitseni. Safunsa anadya phula, ndipo inu mwatsala pang'ono kunyambita chala.

Za mwambo musabisaleko. Shibukombe anamuikira zimenezi. Pitani kwa ba Kalaba sabata ino, muwauze zonse: mchira, kachitini, dengu la repu. Za ufiti zokhazo zisiyeni pakati pa inu ndi ine, ndipo Mwape mumugulire chibuku atseke pakamwa. Kenaka tengani mbale ziwiri zovundikirana ngati zija munatumiziramo chitomero. Ikanimo mtovuwo mutaupukuta mchere, vundikirani, ba Kalaba anyamule. Mawu ake akhale ochepa: mwana wanu wachotsa ichi mosadziwa, akupempha mumuonetse pamene chimakhala. Mkulu wa Chibemba akalandira mbale yovundikira amadziwa kuti walemekezedwa. Sindikhulupirira kuti angaibweze.

Akakuitanani, nyamulani ndegeyo, guluu ndi mpeni, koma sikweya isiyeni kunyumba. Khalani pansi, iwo akuuzeni mchira upindike motani, inu muzingodula ndi kumata. Muwapemphenso aiyeze pa zala, chifukwa matabwa a bokosi la tiyi ndi penti ya kugalaja zikhoza kukhala zitailemeretsa kumchira, ndipo mkulu wa kuno uja akuti ndege yolemera kumchira siichedwa kudzimenyetsa pansi. Ngati anena kuti pentiyo ichepe, kwechani osadandaula, ngakhale tambala wa aneba akhumudwe. Mayi a repu aja musawaiwale. Kawapepeseni, muwagule repu yense wa tsikulo, apo ayi nkhani ya ndege yodziwa anthu ifika kwa apongozi anu aakazi inu musanafike.

Tsopano chenjezo, ndipo apa sindikuseka. Mawaya amenewo ndi achitsulo. Musadzaulutse pafupi ndi nthambo za magetsi, ngakhale zioneke zili patali, chifukwa zikakhudzana ukwati usanduka maliro. Pa tsiku la ufulu ana adzadzaza bwalo. Ikani anthu akuluakulu awatsekereze kutali, pulopela imadula chala ngati mpeni.

Chogwirira musachikakamire tsikulo. Ba Mpundu anati mudzagwire nokha, koma inu mukadzafika pakati pa bwalo, gwadani, muwapatse ndi manja awiri. Munthu amene wakhala pakhonde chaka chonse aime pakati pa Mtendere, anthu amuone akuzungulira ndi ndege yake. Ikadzatera, tsiku la ukwati simudzachita kufunsa.

Ndipo mukadzalowa m'banja limenelo mudzapezamo zina zokhota, mwa apongozi, mwa alamu, ngakhale mwa Kafula yemweyo. Musanatenge pulayala, Bambo W.M., yambani mwafunsa chimene zikugwira.

Aphungu