Apongozi Akumva Onse Kupatula Ine

Lolemba, 4 Ogasiti

Apongozi abwerako ku Blantyre, ndipo akumva. Bala la opaleshoni lija lapola, ndiye madokotala ayatsa kachipangizo kothandiza kumva kaja. Mbali ina ili mkati mwa mutu, ina yakolekedwa kukhutu, imamatirira ndi maginito pansi pa duku. Mkazi wanga Lydia akuti podutsa pa mlatho wa Liwonde amayi ake anagwira mutu n'kufunsa chikukuwa n'chiyani. Anali kondakitala.

Ine ndinabwera kudzakwatira kuno kwa Kalembo iwo atagontha kale ndi jakisoni wa TB, choncho mawu anga sanawamvepo. Ndawalonjera monga mwa nthawi zonse, nditanjuta patali cha kunkhokwe, iwo atandipatsa msana. Sanayankhe. Mwina kutopa.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Akumva Lydia. Akumva mbuzi. Akumva kulira kwa mwana wathu Joanna mpaka kumuuza Lydia kuti mwana wako ali ndi kukhosi ngati iwe. Akuti mawu onse akumveka ngati wailesi yofooka mabatire, koma akuzolowera.

Moni wanga wokha ukupita pachabe.

Loweruka, 9 Ogasiti

Lydia wandipeza ndikukonza njinga. "Amayi akuti mwawakwiyira chiyani? Mudzi wonse wabwera kudzawalankhula, inu nokha zii."

Mtima unandiwawa kwabasi. Ine? Ine amene ndinawaperekeza ulendo woyamba ku Blantyre, nditadzipanikiza mpando wakumbuyo kuti tisayang'anizane? Kale Lydia ankawakodola n'kuloza kumene ndili, iwo n'kuwomba m'manja osacheuka, basi moni watha. Pano wasiya, poti amayi akumva.

Wawauza kuti ndimalonjera m'mawa uliwonse. Iwo akuti, "Ukumuikira kumbuyo mwamuna wako. Ndimve nkhuku, ndilephere kumva munthu?"

Lamulungu, 10 Ogasiti

A Blasius, achimwene awo a apongozi, omwenso ndi ankhoswe athu, anandiimitsa potuluka m'tchalitchi. "A Japhet, pachikamwini sitikhala choncho. Lachisanu ndibwera tikambe."

Tonse tikudziwa kumene nkhani zotere zimathera. Mkamwini wonyoza apongozi amamanga katundu, mwana n'kutsala. Joanna wangoyamba kumene kuima chogwirira mwendo wanga.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndaimbira a Ayisha, aja oona za makutu amene anatchuna kachipangizoka. Ndimati ndiwakalipire kuti atipatsa chakufa.

"Mumakhala mbali iti polankhula nawo?"

"Kumbuyo kwawo. Patali."

"Mokweza?"

"Iyayi, apongozi sitiwakuwira."

Anaseka mpaka kupepesa. Kwawo ndi ku Machinga, kufupi konkuno, zaupongozi akuzidziwa. Akuti kachipangizoka ndi katsopano, kali ndi nzeru zamakompyuta zija akuti AI. Kamamvetsera zonse, kenako kamasankha kokha: mawu a munthu amene wayang'anizana naye kamawakweza, zong'ung'udza zakumbuyo kamazitsitsa kuti zisasokoneze. "Ndiyetu inuyo, bambo, kakukuwerengerani m'gulu la phokoso."

Akuti atha kukasintha kudzera pafoni kuti kazitola mbali zonse. Koma zikatero kutchalitchi ndi kumsika zonse zidzalowa pamodzi, ndipo apongozi adzavutikanso kumva.

Ndakhala ndikuziganiza tsiku lonse. Amene anakaphunzitsa anakauza kuti munthu wofunika amakuyang'ana kumaso. Sanalakwe, kwawo zimatero. Panalibe wowauza kuti kuno munthu amene umamulemekeza kwambiri ndi amene sumuyang'ana. Sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Lydia wawafotokozera zonse. Ndimamva ndili m'nyumba.

Zosintha kachipangizo akana kwamtuwagalu. Lamulungu lija anamva ulaliki wonse mpaka ameni, akuti palibe agwire kanthu kawo. Ndipo sindikuwada, inenso ndikanakana.

Nanga kumuyang'ana mkamwini? "Sindinaleredwe choncho. Amayi anga anamwalira osaiona nkhope ya bambo ako pafupi."

Lydia watuluka maso ali ofiira. Ine ndapezeka ndikupukuta fumbi pachikwama changa cha paulendo chija, osadziwa kuti ndachitsitsa nthawi yanji. Ndili ndi mantha, ndisaname.

Lachisanu, 15 Ogasiti

M'mawa ndinanjuta pamalo anga cha kunkhokwe. Iwo ali pamphasa akusankha nandolo, msana kwa ine. Ndinalonjera. Zii.

Ndinalonjeranso, mwina pongofuna kuti mtima wanga udziwe kuti ndayesa. Lydia anali pakhomo. Sanawakodole, anangondiyang'ana, iwo n'kuona kumene maso ake apita.

Apongozi anaika lichero pansi. Kenako anayamba kusendera pang'onopang'ono, chokhala, mpaka anatembenuka thupi lonse. Maso ali pansi, dzanja likukankha duku kuti khutu lionekere.

"Nenaninso."

Ndinabwereza. "Mwadzuka bwanji, amayi?"

Anapendeketsa mutu. Kenako anati, "Iwe Lydia, chimunthu chonsechi mawu ake n'kukhala aang'ono chonchi?" Ndipo anadzutsa maso, n'kundiyang'ana. "Ndadzuka, bambo a Joanna. Kaya inu?"

A Blasius anatipeza tikadali choncho, tikukamba za nandolo. Anatsika panjinga, anayang'ana achemwali awo, anayang'ana ine, n'kusowa poika maso. Apongozi sanawamve akuodira, anali kumbuyo kwawo.