Kabokosi Kowoloka Mlatho

Saint-Louis,
9 Disembala 2004.

Okondedwa achemwali anga a Yacine,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi adzukulu onse, ndiponso kuti chisanu cha ku Canada chaleka kukulowani m'maondo. Kuno tikudzuka ndithu. Mphepo yafumbi yayamba, mtsinje waphwera, ndipo mandimu amene munadzala kuseri kwa khitchini abereka mpaka nthambi imodzi yakhadzuka. Mankhwala a maso aja ndinalandira, Mulungu akubwezereni. Mukapeza munthu wobwera kuno, munditumizirekonso timaenvulopu tosungiramo zithunzi, chifukwa takuno timachita chinyontho.

Ndikudziwa kuti mwayamba kale kupukusa mutu. Paja mumati chimwalirire mkazi wanga Maguette ndinasanduka wotola katundu wa akufa. Koma lero khalani pansi muwerenge mofatsa, pakuti mlongo wanu wapambana, ndipo tauni yonse yamva.

Mukuwakumbukira Adja Dieynaba Thiam a ku Sor, tsidya lina la mlatho wochokera pachilumba chathu chino? Amayi amasiye aja ogulitsa nsalu, amene ndinakulemberani kuti akundidwalitsa mutu. Okushoni iliyonse ya katundu wa m'nyumba zakale, iwo amakhala pampando wakutsogolo, duku lili njoo, ife akumbuyo osaona kanthu. Iwo chawo ndi siliva: timabokosi ta fodya, ta mafuta onunkhira, ta singano. Ine changa ndi zithunzi ndi mapositikhadi. Tikanatha kukhala pamtendere, koma akangoona ine ndakweza dzanja, nawonso amakweza, dala. Chaka chatha anandilanda mpukutu wonse wa mapositikhadi a sitima za mumtsinje, kenako nkutembenuka amvekere, "Aphunzitsi, mkono watopa msanga bwanji? Penshoni yapserera?"

Ine ndinati, "Adja, mapepalawo mukakulungiramo mtedza?"

"Ndikayatsira mbaula, inu mukuonerera," anatero. Anthu anaseka, ine nkubwerera kunyumba wapansi, njira yonse ndikupeka mayankho abwino amene ndikanapereka.

Tsono mu Ogasiti munachitika okushoni m'nyumba ya khonde lamatabwa ija ili pafupi ndi doko. Zidzukulu za mwini wake zili ku France, zinangolamula kuti zonse zigulitsidwe. Kunali mabedi, magalasi, mawotchi, mabokosi a zovala. Ndiye panali kabokosi kena ka siliva, kokwana m'manja awiri, kolukidwa ndi timawaya tasiliva ngati ulusi. Achemwali, nditakatsegula ndinaiwala kupuma. M'kati mwa chivindikiro munali chithunzi chakale chapagalasi: mayi wa kwathu konkuno, duku losongoka, kaliwo kudzanja, akuyang'ana ngati wakugwira ukuba shuga. Dzina lake panalibe. Pa zithunzi zonse ndazionapo, palibe chakale chotero cha munthu wa m'tauni yathu. Nditadzutsa maso ndinapeza Adja ali pambali panga, maso ali pa siliva. Sitinapatsane ngakhale moni.

Koma tsikulo mdani sanali iwo. Kunabwera munthu wa suti wochokera ku Dakar, dzina lake Kébé, amene amagulira masitolo a ku Paris. Kuyambira m'mawa ankangogwedeza cholembera, katundu nkukhala wake. Wotchi yake, magalasi ake, mipando yake. Mkulu wina kumbuyo kwanga anang'ung'udza kuti, "Ameneyu atisiyira makoma okha."

Kabokosi katafika patebulo tinayamba atatu. Ine ndinali woyamba kugwa, monga mwa nthawi zonse. Adja analimbana naye ndithu, zibangili zili ngwerengwere, mpaka ndinaona dzanja lawo likutsika pang'onopang'ono nkugwira chikwama. Sindinawaonepo atagonja. Nkhope yawo inandimvetsa chisoni, ine amene ndinkapempherera tsiku loterolo. Wogulitsa anakweza nyundo yake. Ndinaganiza za mayi wa kaliwo uja ali pashelefu kudziko lachisanu, opanda womulonjera m'chilankhulo chake. Ndinangozindikira dzanja langa lili m'mwamba.

Adja anatembenuka. "Aphunzitsi, mwapenga? Mulipira ndi choko?"

Ndinati, "Zanu zaperewera, zanga zaperewera. Tikaphatikiza?"

Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Kenako ananyamuka, nkukankha munthu amene anakhala pambali panga, nkukhala pomwepo. "Kwezani dzanjalo," anatero, "ndipo mukalitsitsa ndisanakuuzeni ndilithyola."

Achemwali, mukanaona! Kébé akagwedeza cholembera, Adja amandigunda ndi chigongono, dzanja langa m'mwamba. Anthu anaimirira. Amayi ogulitsa mtedza pakhomo analowa kudzaonerera. Kébé anatulutsa foni kuimbira bwana wake, nkumayenda uku ndi uku, thukuta lili kamukamu m'khosi. Atabwerera anakweza kamodzi kokha. Ife tinakwezanso. Anatseka cholembera chake nkuchiika m'thumba. Nyundo itagunda tebulo, m'nyumbamo munabuka phokoso ngati bwato lathu lapambana mpikisano wa pamtsinje. Wogulitsa anafunsa kuti, "Ndilembe dzina la yani?" Tonse awiri tinayankha pamodzi, aliyense lake, ndipo anthu anasekanso mpaka misozi.

Tinagwirizana kuti iwo atenga siliva, ine chithunzi. Tinapita kwa mlongo wawo Ousseynou, amene amasula ndolo ndi zibangili kumsika. Anakazunguza kabokosiko padzuwa nkunena kuti, "Amene anapanga ichi sankafuna kuti zilekane. Mukachotsa galasili lisweka." Tinakangana pomwepo mpaka makasitomala anathawa. Mapeto ake tinapangana kuti kazikhala sabata kwa iwo, sabata kwa ine, kusinthana Lachisanu tikatuluka kumzikiti.

Ndiye ndinayamba kuwoloka mlatho ndi kabokosi m'kwapa. Lachisanu loyamba anandilandirira pakhomo, nkukayang'ana ngati ndakakanda, nkutseka chitseko. Lachisanu lotsatira anati dzuwa lachuluka, ndimwe tiyi. Kenako kunabwera mpunga wa nsomba, ndipo ndikuuzeni mopanda mantha kuti umaposa wa azakhali athu. Tsiku lina ananditulutsira mapositikhadi a sitima aja. Sanayatsire mbaula ayi. Anawasunga m'nsalu yoyera, ndipo anati anagula chifukwa malemu amuna awo ankagwira ntchito m'sitima imodzi mwa zimenezo. Ine ndinawaonetsa anga. Tinkakhala pakhonde kukangana ngati nyumba ya pachithunzi ndi ija inagwa kapena ija yasanduka sitolo ya matayala, mpaka kuitana kwa pemphero la madzulo kutidzidzimutsa. Ndinazindikira kuti ndayamba kusita mkanjo wanga Lachinayi.

Mu Okutobala mvula yomaliza inandipeza pakati pa mlatho. Ngolo ya hatchi inandipanikiza, ndinaterera nkugwa chagada. Kabokosi ndinakakumbatira pachifuwa, sikanakhudze pansi, koma bondo linatupa ngati papaya. Adja atamva anabwera kunyumba kuno ndi mafuta otikitira, akukalipa kuyambira pageti.

"Chinthu chapulumuka kwa azungu chikamire mumtsinje chifukwa cha nkhalamba ziwiri zopanda nzeru!"

Ndinati, "Nanga titani, Adja?"

"Mukufunsa ine? Si inu munkaphunzitsa ana masamu? Kabokosi kamodzi, nyumba ziwiri. Chachuluka nchiyani pamenepa?"

Ananena akutikita bondo, maso ali pansi. Ine mtima unagunda kuposa tsiku la okushoni. Ndinati, "Nyumba imodzi yachuluka." Anati, "Mwakhoza. Koma mwachedwa, anzanu anatuluka kale m'kalasi."

Achemwali, ndikudziwa mmene dzina la Thiam lalowera m'khutu mwanu. Ndi a mtundu wa osula, ndipo makolo athu sankakwatirana nawo. Mawu a malemu amayi pankhaniyi ndimawakumbukira monga inunso mukuwakumbukira. Msuweni wathu Ablaye nditamupempha kuti akapereke mtedza wa kola wofunsira ukwati kwa abale awo, anakana. Anati, "Massamba, imvi zonsezi ukufuna utichititse manyazi?" Kwawonso sikunali kophweka. Ousseynou anandiuza maso ndi maso kuti, "Mlongo wanga ali ndi nyumba yake ndi ulemu wake. Sindimutumiza kuchilumba kuti azikamwera m'kapu yapayokha." Ndinamuyankha kuti wopatula kapu ya mkazi wanga wapatulanso yanga.

Amene anathyola khomo ndi mwana wanga Marième. Anapita kwa Ablaye nkumufunsa kuti, "Amalume, zaka zonsezi abambo akudya okha, inu munabwera kangati kudzadya nawo?" Kola anakapereka ndi imamu wathu pamodzi ndi mwamuna wa Marième. Ndipo Lachinayi lapitali, pambuyo pa pemphero la masana, ukwati unamangidwa kumzikiti wa ku Sor. Anthu anadzaza mpaka panja, a kuchilumba ndi a tsidya, ngakhale wogulitsa wa okushoni uja. Mapemphero ali pakati ndinaona Ablaye akulowa mwakachetechete nkukhala kumbuyo. Potuluka anandigwira dzanja, ndipo kola anatenga, nadya.

Mundikhululukire kuti sindinakuimbireni foni. Mawu anu akamveka m'khutu mwanga ndimabwerera kukhala kamwana kamene munkakasambitsa pachitsime, ndipo mukanati ayi, sindikudziwa ngati ndikanalimba. Papepala pano ndikutha kukuuzani zoona: ndine wokondwa. Ndimaseka ndekha mumsewu. Maguette sindinamuiwale, chithunzi chake chili pomwe chinali, ndipo amene anachipukuta fumbi dzana ndi a Dieynaba, atabwera kudzandiona.

Chatsala ndi chimodzi. Phwando sitinachite, ndipo iwo sanasamukire kuno. Mwambo mukuudziwa: mkwatibwi amalandiridwa pakhomo ndi mlongo wa mwamuna. Akazi a Ablaye anadzipereka, Marième anatchula azisuweni ena, koma a Dieynaba akana onsewo. Akuti, "Mwamunayu ali ndi mlongo wake wa bere limodzi. Sindilowa pakhomo la eni mozemba ngati mphaka." Nsalu ya mphatso yanu asankha kale m'sitolo mwawo, yabuluu wozama, ndipo aichotsa pashelefu kuti wina asaigule. Ndinawauza kuti achemwali anga ndi munthu wosasintha maganizo msanga, mwina adzayankha mochedwa, mwina osayankha nkomwe. Anati, "Ndadikira zinthu zambiri zosafika pa iwowo. Ndidikira."

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo adzukulu muwapsompsone m'malo mwanga. Kuno akukupatsani moni Marième ndi ana ake, Ablaye ndi banja lake, ndi anansi onse a mumsewu wathu. Palinso moni wina umene ndauika pamapeto, kuti muulandire kapena muusiye monga mtima wanu ungakuuzeni. Ukuchokera kwa mlamu wanu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Massamba Diagne