Ndimukane woweruza wobwereka kuti ukwati wathu uchedwe kutha?

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 61, ndimakonza mapampu a madzi m'mafamu a ng'ombe. Akazi anga, a Ofelia, anachoka pakhomo chaka chatha n'kukasuma kukhoti kuti ukwati uthe. Sindinawamenyepo, chibwenzi chamseri ndinalibe. Anangoti, "Inu bambo, munakwatira mapampu. Kuno mumabwera kudzadya ndi kugona basi." Anasamukira kwa mchemwali wawo ku Odessa. Ana athu anakula, ali m'makomo mwawo.

Woweruza wa dera lathu anadzichotsa pa mlanduwu poti timasaka naye agwape chaka ndi chaka. Ndiye atitumizira wobwereka, mayi wina wopuma pantchito wochokera ku San Angelo. Loya wanga akuti lamulo la kuno ku Texas limandilola kumukana popanda kupereka chifukwa, koma mwayiwo ndi umodzi wokha, ndipo ndiyenera kuchita zimenezi mayiyo asanayambe kumva mlandu. Mnzanga Eusebio, yemwe timamwera limodzi khofi m'mawa, akuti, "Aise, woweruza wamkazi? Akumeta mpala wopanda madzi ameneyo! Utsala ndi chipewa chokha. Mkane!"

Koma Aphungu, ndinene zoona, mayiyo sindikumudziwa ndipo sindikumuopa. Nyumba kaya ng'ombe, a Ofelia atenge, zilibe kanthu. Chikundidya ndi china. A Ofelia foni yanga sayankha, ndipo malo okha amene ndimawaonako ndi pakhonde la khoti. Ulendo wathawu tinadikira pabenchi mpaka masana, iwo uko ine kuno. Kenaka anandiyang'ana n'kuti, "Mwaonda. Mukudya chiyani?" Ndinati nyemba za m'chitini. Anapukusa mutu, amvekere, "Nanga malayawo, simbi inatayika?" Pobwerera ndinkaimba m'galimoto njira yonse, munthu wamkulu ngati ine! Kunyumba kuli zii. Ndimatsegula wailesi kuti ndingomvako mawu a munthu, ndipo tsiku lina ndinapezeka ndikuyankha wolengeza zanyengo.

Loya akuti ndikakana, mlandu uima mpaka apeze woweruza wina, mwina miyezi iwiri. Ndiye kuti ndikhalabe mwamuna wawo mpaka Khirisimasi, ndipo tidzakhalanso pabenchi paja. Ndikapanda kukana, mayiyo asaina zothetsa ukwati Lachinayi likudzali, basi zathera pomwepo. Ndikusungulumwa koopsa. Ndimukane?

R.V., Fort Stockton

Bambo R.V.,

Pepani. Kusungulumwa kumapweteka, ndipo mwachita bwino kunena mosabisa m'malo mobisala kumbuyo kwa lamulo. Koma yankho langa ndi lakuti ayi, musamukane.

Ndinu mlenje, mukudziwa kuti munthu wa chipolopolo chimodzi saombera chitsa. Mukataya mwayiwu pa mayi amene sanakulakwireni, abwera woweruza wina, ndipo ameneyo kaya akhale wolusa bwanji, kumukana popanda chifukwa sikudzathekanso. Mawa lomwe imbirani loya wanu, mumufunse funso limodzi: kodi pali chenicheni chokayikitsa pa mayiyu, monga ubale ndi a Ofelia kapena ndi loya wawo? Ngati chilipo, kanani msanga nthawi isanathe. Ngati palibe, zisiyeni. Za a Eusebio zithere pa khofi pomwepo, iwowo sakaima nanu m'khoti.

Tsono miyezi iwiri mukuifunayo ikupatsani chiyani? M'mawa umodzi pabenchi, kwinako nyumba yomweyo ya zii. A Ofelia kukufunsani zakudya ndi umunthu wawo, anakhala nanu zaka zambiri. Si kuti akubwerera. Ndikudziwa kuti mawuwa ndi owawa, koma bola muwamve kwa ine.

Ngati muli ndi mawu amene simunawauze, ndipo ndikuona kuti alipo, khoti si malo ake. Tumani mmodzi mwa ana anu akawapemphe kuti mukumane malo a anthu, opanda maloya, Lachinayi lisanafike. Mukawauze kuti madandaulo awo munawamva mochedwa, ndipo mupepese osapempha kalikonse. Akakana kubwera, limenelonso ndi yankho, mulilemekeze.

Lachinayilo musapite nokha. Tengani mwana wanu, kapena Eusebio yemweyo akalonjeza kutseka pakamwa, kuti potuluka pakhale wodya naye nkhomaliro. Anawo auzeni momveka kuti bambo awo akusungulumwa, pakuti mwana salota. Lamlungu lililonse muzidya ndi anthu, ndipo foni ya pampu ikalira tsiku limenelo izilira yokha.

Pomaliza, chenjerani. A Ofelia si mwana, adzadziwa chifukwa chimene mwakanira woweruza, ndipo adzaona kuti mwawamanga mwendo ndi lamulo. Ukwati ukutha, koma inu awiri mudzakumanabe pa maubatizo a zidzukulu ndi pa maliro mpaka imfa. Zimene muchite sabata ino ndi zimene zidzawachititse kuti akadzalowa m'tchalitchi adzabwere kudzakupatsani dzanja, kapena adzayambe ayang'ana pamene mwakhala kuti akakhale kutali.