Kachilonda Kakuda Kuseri kwa Bondo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kwathu ku Thyoloko mukudzuka bwino. Kuno ku Chintheche alamu anu, bambo a Ivy, atuluka m'chipatala.

Anatentha thupi mpaka kundiiwala, koma powayeza malungo sanapezeke. Adokotala ataona kachilonda kakuda kuseri kwa bondo, kamene ife tinkati ndi asidi wa kuntchito ya labala amene anawawotcha, anati, "Mayi, apa panaluma nkhupakupa." Anawapatsa makapisozi a dokisisaikilini, ndipo mkucha wake anakhala tsonga n'kunditchula dzina. Mpaka lero ndikudabwa kuti kachilombo kochepa ngati njere ya mapira kangagwetse bambo wamphamvu ngati uja.

Anzawo a kuntchito, a Bizwell, amene ankatchetcha nawo udzu momwe munali nkhupakupamo, nawonso atadwala anangokhala kunyumba n'kumamwa mankhwala a malungo. Alamu anu akumafunsa za iwo tsiku lililonse. Sindinawauzebe kuti a Bizwell anatisiya.

Ndine mng'ono wanu,
Olive