Mitundu ya pamapu yayamba kundithawa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kuyenda? Ine kuno ndadzuka, koma sindinganame kuti ndili bwino. Musadabwe ndi zilembo zikuluzikuluzi.

Ntchito yanga mumaidziwa pang'ono. Timafufuza malo oyenera kuimikapo makina opanga magetsi ndi mphepo, aja ataliatali a mapiko atatu. Pakompyuta ndimasanjikiza mapu: ena oonetsa kumene mphepo imaomba mwamphamvu, ena a misewu ndi mawaya a magetsi, ena a nyumba za anthu ndi njira za mbalame. Malo oyenera amatuluka obiriwira, oletsedwa amatuluka ofiira. Ntchito yonse ndi ya maso.

Mwezi watha ndinasankha malo pamtunda wina. Ndisanapereke kwa abwana, mnzanga amene timakhala naye tebulo limodzi anasuzumira, n'kundifunsa chapansipansi ngati sindikuona kuti pakati pa malowo pali sukulu. Panali pofiira, achemwali, koma ine sindimaona kusiyana kulikonse. Anayamba wandiseka kuti mwina chikondi chandiphimba m'maso. Ataona kuti ine sindikuseka, naye analeka. Mawa lake anandiperekeza kuchipatala.

Adokotala andiyeza kangapo. Akuti mitsempha ya m'maso ikufota, magalasi sangathandize, ndipo mankhwala angochedwetsa chabe. Nditafunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji, anayamba kulongedza zida zawo, n'kunena kuti zimasiyana munthu ndi munthu.

Abwana sanandichotse ntchito. Andipatsa kompyuta ya galasi lalikulu, ndipo m'malo mwa mitundu andiikira mizeremizere ndi timadontho. Koma sabata ino timadonthoto tayamba kuphatikana. Anzanga akamapita kukayendera malo kumapiri sanditenganso, ndimatsala mu ofesi kuyankha mafoni. Makina oyamba pa malo amene ndinapeza ine adzaimikidwa chaka chamawa. Ndinkafuna ndidzawaone akuzungulira.

Kunyumba ndikulimbikira. Dzana ndinathira mchere mu tiyi, ndinamwa choncho mongolimba mtima. Mayi amene ndimachita lendi nyumba yawo andiikira babu lowala pamasitepe, osandifunsa chilichonse.

Pempho langa ndi limodzi. Mubwere naye mwana wanga. Ndinakusiyirani alibe mano akutsogolo, pano mukuti anamera ndipo wayamba kufanana ndi malemu bambo athu. Zithunzi zimene mumatumiza pafoni sindikuzionanso bwino, nkhope yake imangokhala ngati ili mu utsi. Musadikire kuti sukulu itsekere, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukapemphe kwa aphunzitsi ake masiku ochepa. Ndikufuna ndikhale naye panja masana, ndimuyang'ane mpaka ndikhute. Iyeyo mungomuuza kuti amayi ake amusowa, zimenezo n'zoona.

Amayi musawauze kaye. Ndidzawauza ndekha nditakhala nawo pafupi.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume ndi akazi awo, azakhali, ndi ana onse. Mundiuziretu tsiku lonyamuka kuti ndidzakuchingamireni pokwerera mabasi. Mukadzaona ndikukudutsani, musakhumudwe. Mudzangondiitana.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa amayi